Mtima wachira koma abambo angokhala pakhonde: yankho kwa mayi wa ku Kapata

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa ku Kapata kuno ku Chipata. Ndalifupikitsa pang'ono.

"Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 57. Mu Epulo anagwa pa shopu yathu atamva ululu pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Kuchipatala anati ndi heart attack ndipo anatitumiza ku Lusaka. Tinabwerako ndi mankhwala ambirimbiri, madokotala akuti mtima ukuchira bwino. Koma munthu amene ndabwera naye si uja ndinapita naye. Miyezi inayi tsopano amangokhala pampando pakhonde. Ku shopu sapita, kutchalitchi anasiya, njinga yawo yachita dzimbiri. Nsima amangonyema kawiri n'kusamba m'manja. Amadzuka cha m'ma 3 koloko usiku osagonanso. Mapiritsi ndimawapeza pansi pa pilo, ndikafunsa amati, 'Ndimwerenji, ine ndangotsala kuikidwa.' Alamu anga akuti pali dzanja la munthu, tipite nawo kwa sing'anga. Mnzanga wina wandipatsa mapiritsi otchedwa amitriptyline akuti amagonetsa bwino, koma sindinawapatsebe. Kodi maganizo angadwalitse mtima? Nanga ndichite chiyani?"

Amayi, pepani ndi zimene zakugwerani pakhomo. Ndiyambe ndi chofulumira: mapiritsi a mnzanuwo musawapatse abambo ngakhale limodzi. Mwachita bwino kufunsa kaye, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza tikamapita. Chachiwiri, mtima wanu ukhale m'malo pang'ono, chifukwa zimene mwalembazi timakumana nazo kawirikawiri ndipo chithandizo chake chilipo. Munthu sayezedwa pa kalata, komabe kusadya, kudzuka usiku osagonanso, kutaya zonse zimene ankazikonda ndi kumalankhula za kumanda, zikakhala pamodzi kwa miyezi chonchi, zimaloza ku matenda ovutika maganizo, amene pa fayilo ya kuchipatala amalembedwa kuti depression. Mwa anthu asanu amene apulumuka heart attack, pafupifupi mmodzi amadwala matenda amenewa mpaka kufunika chithandizo, ndipo ena ambiri amakhala ndi zizindikiro zocheperako. Choncho abambo sakuchita ulesi kapena makani. Akudwala matenda achiwiri amene palibe anawayeza.

Kodi maganizo angadwalitse mtima? Inde. Ndipo mtima ukadwala nawonso umadwalitsa maganizo, mwakuti ziwirizi zimakokana. Kuti timvane bwino, ndifotokoze kaye chimene chinachitika tsiku lija pa shopu. Mtima ndi mnofu, ndipo ngakhale umapopa magazi a thupi lonse, nawonso uli ndi mitsempha yake ing'onoing'ono imene imaudyetsa. Pa zaka zambiri, mafuta a m'magazi amaunjikana m'khoma la mitsempha imeneyi, makamaka kwa munthu wa BP, wa shuga kapena wosuta fodya. Tsiku lina pamalo pamene panaunjikana mafutapo pamang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Mbali ya mtima imene imadya kudzera mu mtsempha umenewo imayamba kufa. Kuno ku Chigawo cha Kum'mawa odwala mtima ambiri amene timawagoneka ndi aja mtima wawo watopa ndi BP, kapena amene ma valve awo, tizitseko ta mkati mwa mtima, anawonongeka ndi zilonda zapakhosi za paubwana. Koma matenda a kutsekeka kwa mitsempha akubwera nawonso, ndipo ndimawaona kwambiri mwa anthu a m'tauni monga amalonda, madalaivala ndi ogwira ntchito za muofesi.

Munthu akapulumuka ngozi yotere, kukhala wachisoni ndi wamantha kwa masabata angapo n'kwachibadwa. Timayamba kuda nkhawa pamene chisonicho chakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kupitirira, ndiponso munthu sakusangalalanso ndi chilichonse. Mafunso awiri oyamba amene timafunsa ndi omwewa: kodi pa masabata awiri apitawa mwakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo, ndipo kodi zinthu zimene munkazikonda zasiya kukukomerani? Vuto ndi lakuti abambo a kuno sayankha funso loyambalo. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Ndiye bambo akalowa m'chipinda choyezera amanena za mutu umene ukuwotcha pakati, thupi lophwanya, mtima wothamanga usiku, kapena amangoti "ndilibe mphamvu". Ena samaoneka achisoni n'komwe, amangopsa mtima ndi tinthu tating'ono, kapena amayamba kumwa kachasu mobisa. Dokotala amene ali ndi mzere wautali panja amayeza BP, amamvetsera pachifuwa, amalemba mapiritsi omwe aja n'kuitana wotsatira. N'chifukwa chake zimene inu mwaona kunyumba n'zofunika kuposa zimene abambo anganene okha.

Madokotala a mtima anatenga nthawi kuti avomereze kuti nkhaniyi ndi yawonso. Chimene chinawagwedeza ndi kafukufuku amene anatuluka mu 1993 ku Montreal m'dziko la Canada, pomwe Nancy Frasure-Smith ndi anzake anatsatira odwala 222 amene anali atangopulumuka heart attack. Pa miyezi isanu ndi umodzi yotsatira, amene anali ndi matenda ovutika maganizo anamwalira kwambiri kuposa anzawo, ngakhale atawerengera kukula kwa bala la pamtima. Akafukufuku ambiri amene anabwera pambuyo pake anapeza kusiyana kocheperako kuposa kwa ku Montreal, koma akaphatikizidwa amaonetsa kuti chiopsezo cha imfa chimakhala pafupifupi kawiri. Mu 2004 kunatuluka kafukufuku wamkulu wotchedwa INTERHEART, amene anachitika m'maiko 52 kuphatikizapo ena a muno mu Africa. Iye anaika kupanikizika ndi kuvutika maganizo pa mndandanda wa zinthu zisanu ndi zinayi zimene zimabweretsa heart attack, limodzi ndi fodya, BP, shuga, mafuta a m'magazi ndi kunenepa kwa pamimba. Pofika 2014 bungwe la American Heart Association linanena poyera kuti matenda ovutika maganizo aziwerengedwa ngati chimodzi mwa zinthu zoika pachiswe munthu amene wapulumuka heart attack. Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni. Ndikufuna kuti mukakafika kuchipatala mukalankhule molimba mtima, podziwa kuti simukudandaula za chinthu chapambali.

Nanga zimayenda bwanji m'thupimo? Munthu akaona njoka m'munda, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, BP imakwera, shuga amachuluka m'magazi kuti miyendo ipeze mphamvu yothawira. Njokayo ikapita, zonse zimabwerera m'malo. Kwa munthu wovutika maganizo thupi silibwerera bwinobwino m'malo. Zili ngati ng'ombe yokoka ngolo imene yafika kunyumba koma palibe waimasula goli, yagona nalo, m'mawa n'kudzukanso nalo. Pa kuyeza timapeza kuti kugunda kwa mtima kwa anthu otere sikusinthasintha momasuka ngati kwa munthu wathanzi, zizindikiro za kutupa kwa mkati mwa mitsempha zimakhala zokwera, ndipo timaselo timene timaundanitsa magazi timakhala tomatirira msanga. Kwa mtima umene uli kale ndi chipsera, zonsezi ndi katundu wowonjezera.

Koma mbali imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu, ndiponso imene inu mungaigwire ndi manja anu, ili mu kalata yanu momwemo: mpando wa pakhonde ndi mapiritsi a pansi pa pilo. Ku San Francisco ku America, Dr. Mary Whooley ndi anzake anatsatira anthu 1,017 odwala mitsempha ya mtima kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Anapeza, monga ena onse, kuti ovutika maganizo ankadwalanso mtima kwambiri. Kenaka anafufuza kuti kusiyanako kukuchokera kuti. Atawerengera makhalidwe a anthuwo, monga kusuta, kusamwa mankhwala ndi kusayenda, kusiyana kuja kunatsala pang'ono kutheratu, ndipo chachikulu pa zonse chinali kusayenda. Tanthauzo lake ndi lakuti matendawa amavulaza mtima makamaka pomulanda munthu zinthu zimene zimauteteza. Munthu amene sakuona mawa samwa piritsi la mawa. Zimadziwikanso kuti wodwala wovutika maganizo amaphonya mankhwala pafupifupi katatu kuposa mnzake amene maganizo ake ali bwino.

Apa ndiime kaye, chifukwa nkhani ya pansi pa piloyi siyodikira. Munthu wa heart attack amapatsidwa kawirikawiri aspirin ndi mnzake clopidogrel oletsa magazi kuundana, piritsi lotsitsa mafuta monga atorvastatin, lina lochepetsa liwiro la mtima monga atenolol kapena carvedilol, ndi lina la BP monga enalapril. Ngati ku Lusaka anawaika kawaya kotsegula mtsempha kotchedwa stent, kusiya aspirin ndi clopidogrel m'miyezi yoyambirira kungachititse kawayako kutsekeka mwadzidzidzi. Lochepetsa liwiro la mtima nalonso silifuna kumwa lero n'kusiya mawa. Musawapatse onse amene anaphonya nthawi imodzi kuti alipire. Sonkhanitsani amene mwawapeza, muwerenge kuti ndi angati ndipo ndi amtundu wanji, mupite nawo kuchipatala sabata ino. Dokotala akaona m'manja mwanu mapiritsi osamwa amamvetsa msanga kuposa mawu.

Tsono tiyang'ane mbali inayo, chifukwa chimene bambo amene anali wamphamvu amafooka chonchi. Ganizirani zimene abambo ataya kuyambira Epulo. Ndalama za shopu zinathera pa ulendo wa ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 pa Great East Road, kuphatikizapo malo ogona ndi chakudya cha owadikirira. Munthu amene ankapereka tsopano akupatsidwa. Usiku akamva kubaya pang'ono pachifuwa amaganiza kuti yafika. Ndiye pali chinthu china chimene ife achibale timachita mwachikondi koma chimapweteka. Bambo akafuna kunyamula ndowa, "siyani, siyani, mudzagwa." Makiyi a shopu amapita kwa mwana woyamba, mabuku a ngongole amawerengedwa iwo kulibe. Kukagwa maliro sauzidwa, akuti angadzidzimuke. Ndiwo zawo zimaphikidwa mu kapoto kapadera, zopanda mchere ndi mafuta n'komwe, amadya okha pamene ena akudya nkhuku kuseri. Alendo akabwera amalankhula motsitsa mawu ngati ali pa siwa. Munthu wochitiridwa zotere kwa miyezi inayi akanena kuti wangotsala kuikidwa, amakhala akungonena zimene pakhomo pakumuonetsa. Sindikudziwa ngati kwanu zili choncho, koma yang'anani. Pa mchere, muyezo wa bungwe la WHO ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo ndi wa banja lonse. Chepetsani mumphika wa onse, kapenta muzimutsuka bwino musanaphike, ndipo abambo adye mbale imodzi ndi anzawo.

Palinso nkhani ya kuchipinda, imene sinalembedwe mu kalata yanu koma siisowa m'mabanja otere. Abambo ambiri amaopa kuti akayesa adzafera pamphasa, ena mphamvu zimachepa chifukwa cha mitsempha yomweyo, mankhwala kapena maganizo, ndipo amasunga manyaziwo okha. Kawirikawiri munthu amene akutha kukwera masitepe a nyumba yosanja kawiri popanda ululu pachifuwa kapena kubanika amakhala wokonzeka, koma afunse dokotala wawo. Chimene ndikuletseratu ndi mapiritsi owonjezera mphamvu monga sildenafil kwa munthu amene akumwa isosorbide, wa ululu wa pachifuwa, kapena amene ali ndi kapiritsi koika pansi pa lilime, chifukwa ziwirizi zikakumana BP imagwa mpaka kupha. Ufa ndi mizu ya pamsika ya ntchito yomweyo nayonso aipewe, poti palibe akudziwa zimene zasakanizidwamo.

Musanavomereze kuti zonse ndi maganizo, thupi liyezedwe. Mtima umene ukulephera kupopa bwino umabweretsa kutopa, kusafuna kudya ndi kudzuka usiku. Muone ngati mapazi akutupa, ngati akubanika akagona chagada mpaka kufuna mapilo awiri kapena atatu, ngati amadzuka usikuwo chifukwa chosowa mpweya kapena chifukwa cha maganizo. Kuchepa kwa magazi nakonso kumafooketsa, ndipo munthu wa aspirin ndi clopidogrel akhoza kumataya magazi m'mimba pang'onopang'ono osadziwa. Chimbudzi chakuda bii ngati phula ndi chizindikiro chake. Shuga, impso ndi chithokomiro ziyezedwe ngati n'kotheka. Nthawi zina mlingo wa mankhwala a BP umakhala waukulu, munthu n'kumamva chizungulire akaimirira, ndiye amasiya kumwa osanena chifukwa. Afunseni abambo modekha ngati pali piritsi limene limawapweteka. Ambiri amayankha funso limenelo pamene la "chifukwa chiyani simukumwa" amalikhalira chete.

Tsopano za amitriptyline. Ndi mankhwala enieni a matenda ovutika maganizo, akale, otsika mtengo, ndipo amapezeka m'makiliniki ambiri. Amaperekedwanso kwa anthu a ululu wa mitsempha ya m'mapazi, ndipo n'zoona kuti amagonetsa. Koma amasokoneza kayendedwe ka mphamvu imene imagunditsa mtima, amauthamangitsa, ndiponso amagwetsa BP munthu akaimirira. Kwa amene wangopulumuka heart attack timawapewa. Choopsa chinanso n'chakuti munthu akamwa ambiri nthawi imodzi amafa, ndiye si mapiritsi osunga m'nyumba mmene muli munthu wolankhula za kumanda. Abwezeni kwa mwini wake lero. Mnzanuyo anali ndi mtima wabwino, ndipo mwina kwa iye amathandiza.

Mankhwala oyenera alipo. Amene anayesedwa bwino pa odwala mtima ndi sertraline. Mu 2002 kafukufuku wotchedwa SADHART anawapereka kwa anthu amene anali atangodwala mitsempha ya mtima, 369 onse pamodzi ndi amene analandira piritsi lopanda mankhwala, ndipo anapeza kuti savulaza mtima, komanso anathandiza kwambiri aja amene matenda awo a maganizo anali aakulu kapena obwereza. Ku South Korea anatsatira odwala 300 kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, ndipo mu 2018 anaonetsa kuti amene analandira escitalopram, mankhwala ena a maganizo, anadwalanso mtima kapena kumwalira mocheperako, 41 pa 100 alionse poyerekeza ndi 54 mwa amene sanalandire. Kunena chilungamo, si kafukufuku yense anapeza zotere. Wina wamkulu wa ku America wa mu 2003, wa anthu 2,481, anapeza kuti uphungu unapeputsa maganizo koma sunachepetse imfa. Choncho ine sindilonjeza wodwala kuti piritsi la maganizo lidzatalikitsa moyo wake. Chimene ndimaona n'chakuti munthu akayamba kugona ndi kudya, amayambanso kumwa mankhwala a mtima ndi kuyenda, ndipo zimenezo ndiye tikudziwa kuti zimatalikitsa moyo.

Kuno amene amapezeka mosavuta ndi fluoxetine, wa m'banja limodzi ndi sertraline. Akhoza kugwiritsidwa ntchito, koma amakhudzana ndi mankhwala ena a mtima monga carvedilol ndi clopidogrel, ndiye wolemba ayenera kuona mapaketi onse amene abambo akumwa. Escitalopram ndi citalopram amafuna kuti ECG, kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina, iyang'anidwe kaye. Onse a m'banja limeneli akaphatikizana ndi aspirin amawonjezera pang'ono ngozi yotaya magazi, choncho brufen ndi diclofenac za pa kantemba zisalowe m'nyumba mwanu, mutu ukawawa amwe panado. Dziwaninso kuti sagwira ntchito tsiku lomwelo. Masiku oyamba munthu akhoza kumva nseru kapena kusakhazikika, kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo akachira amapitiriza kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Ambiri amasiya pa sabata yachiwiri akuti sakuthandiza, kapena pa mwezi wachiwiri akuti achira. Konse kuwiri n'kulakwitsa.

Si aliyense amafunika piritsi. Ngati matendawa sanakule, kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa kumathandiza chimodzimodzi, ndipo ngakhale atakula, ziwirizi zimayendera limodzi. Anzathu a ku Zimbabwe anaonetsa zimenezi bwino. Dr. Dixon Chibanda wa ku Harare anaphunzitsa agogo aakazi a m'madera kukhala ndi odwala pa benchi panja pa kiliniki, kuwamvetsera ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi lothetsa nthawi imodzi. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti kukumana kasanu ndi kamodzi kokha kunachepetsa zizindikiro kwambiri. Njira yake inu mukhoza kuibwereka. M'malo mwa "limbani mtima, ena akuvutika kuposa inu," funsani kuti, "Pa zonse zimene zikukusowetsani tulo, chachikulu n'chiti?" Ikhoza kukhala ngongole ya kwa wogulitsa katundu, fizi ya mwana, kapena mantha ogwanso pagulu. Zimenezo zili ndi pogwira. Ngati ali ndi mnzawo wa kutchalitchi kapena mkulu wa mpingo amene amamasuka naye, mupempheni azibwera kudzacheza za mpira ndi mitengo ya soya, osati kudzawapempherera ngati wodwala wakayakaya ulendo uliwonse.

Kuyenda ndiye mankhwala amene amagwira mbali zonse ziwiri, ndipo ndi aulere. Dokotala akavomereza, yambani ndi mphindi zisanu kapena khumi pamalo athyathyathya, m'mawa dzuwa lisanakwere, makamaka m'nyengo yotentha ngati ya Okutobala. Phiri la Kanjala lidikire kaye. Liwiro labwino ndi limene munthu akutha kuyenda akulankhula. Sabata iliyonse onjezani mphindi zochepa mpaka kufika 30 patsiku, masiku asanu pasabata. Musanene kuti "tiyeni mukachite masewera olimbitsa thupi," adzakana. Apatseni chifukwa. Muwapemphe akuperekezeni kukatsegula shopu, akafika akhale kuseri kwa kauntala ola limodzi, awerenge chenji, akangane ndi kasitomala wa ngongole. Munthu wovutika maganizo samva chilakolako choyamba chinthu, chilakolakocho chimabwera atayamba kale, ndiye musadikire tsiku limene adzanene okha kuti lero ndikufuna. Njinga ipukuteni, muipope, iime poonekera. Nthawi yake idzafika akayamba kuyenda bwino. Ngati amasuta, uwu ndiye mwezi wosiya, ndipo mowa si mankhwala a tulo, umagonetsa msanga koma n'kumudzutsa munthu pakati pa usiku maganizo atalemera kuposa kale.

Za alamu anu, musakangane nawo. Nawonso akuona m'bale wawo akutha ndipo akufuna chifukwa. Ine pa nkhani zotere ndimapempha zinthu ziwiri zokha: mankhwala a kuchipatala asasiyidwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo abambo asamwetsedwe chilichonse, kaya chosanzitsa, chotsegula m'mimba kapena chotemera. Munthu wa aspirin ndi clopidogrel akatemedwa mphini magazi sasiya msanga, ndipo kusanza ndi kutsegula m'mimba kumachotsa mchere wa m'thupi umene mtima umadalira pogunda. Palinso ngozi ina yosaoneka. Munthu amene akudziona kale wopanda pake akauzidwa kuti mbale wake kapena mnzake wa pamsika ndiye wamulodza, mantha ndi kudzipatula zimawonjezeka. Njira yabwino ndi kuwatenga alamuwo popita kuchipatala kuti akamve okha ndi kufunsa mafunso awo.

Mawu aja akuti "ndangotsala kuikidwa" musawaphonye. Pezani nthawi muli awiri, muwafunse mosazungulira ngati amaganizako zodzipha. Kufunsa sikuika maganizo amenewo mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, kapena mukaona akugawa katundu wawo, akutsanzika mwachilendo, kapena akusunga mapiritsi ambiri pamalo amodzi, musawasiye okha ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Mapiritsi a pansi pa pilo aja akhoza kukhala ongokana kumwa, koma akhozanso kukhala osonkhanitsa. Kuyambira lero mankhwala onse asungidwe ndi inu, muziwapatsa a tsiku limenelo okha, pa nthawi ya tiyi m'mawa ndi pa nsima madzulo. Mankhwala a makoswe, a nankafumbwe ndi opopera mbewu, kaya ndi a kumunda kapena ogulitsa pa shopu, atsekeredwe ndipo kiyi ikhale kwa inu. Usiku mukasowa wolankhula naye, nambala ya 933 ya bungwe la Lifeline Childline Zambia ndi yaulere.

Chinanso chosadikira ndi ululu wa pachifuwa. Anthu amene anadwalapo mtima amagwidwa nthawi zina ndi mantha adzidzidzi, mtima kugunda kwambiri, manja kuchita dzanzi, mpweya kuchepa, ndipo zimafanana kwambiri ndi heart attack. Kusiyanitsa ndi ntchito ya ECG ndi kuyeza magazi, si yanu kunyumba. Ululu wofinya kapena wolemera pakati pa chifuwa umene sukutha atapuma mphindi zingapo, wofalikira ku dzanja, ku nsagwada kapena kumsana, wobwera ndi thukuta, kusanza, kubanika kapena kukomoka, ndi wothamangira nawo kuchipatala pa galimoto, osati kuwakweza pa njinga kapena kudikira kuche. Ngati anapatsidwa kapiritsi ka pansi pa lilime, aike kamodzi atakhala pansi, ndipo ululu ukapanda kutha pa mphindi zisanu nyamukani. Atafune aspirin wa 300 mg ali m'njira, pokhapokha ngati amawawenga kapena akutaya magazi.

Koyambira ndi kumene amapita kukaonedwa za mtima. Ku Chipata Central Hospital kuli mbali yoona za matenda a maganizo, ndipo a ku kiliniki ya kwanu akhoza kukulemberani kalata yopitira kumeneko. Owerenga ena amene ali pafupi ndi Mwami, St Francis ku Katete kapena Kalindawalo ku Petauke ayambire pa zipatala zimenezo. Ndikudziwa kuti bambo wa zaka 57 akangomva za mbali ya maganizo amaganiza za Chainama, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Lusaka, n'kunena kuti "ine sindine wamisala." Musalimbane nawo pa mawu amenewo. Auzeni kuti mukupita kukaonetsa za kusagona ndi kusadya, zomwe n'zoona, ndipo mulowe nawo limodzi m'chipinda. Tengani mapaketi onse, kalata ya ku Lusaka, khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ngati muli nalo, ndi kapepala kamene mwalembapo kuti zinayamba liti, amagona maola angati, aphonya mapiritsi ati, ndi mawu enieni amene amanena. Pemphani kuti awafunse mafunso asanu ndi anayi a pa fomu yotchedwa PHQ-9, amene satenga mphindi khumi, ndipo musanatuluke mufunse tsiku lobwerera, chifukwa akayamba mankhwala a maganizo ayenera kuonedwanso pakatha masabata awiri. Inunso mukakhala pamenepo muyezetse BP yanu, ndipo ngati tulo tayamba kukusowani nenani, popeza amene amadwazika matenda otere nawonso amadwala nawo kawirikawiri. Mwana mmodzi kapena mlamu azikulandirani masiku ena pa shopu ndi pa kuyenda kwa m'mawa.